Ndinaphunzira za kompyuta koma mtima uli pa madzi ndi nyengo: kodi kafukufuku wa kuyunivesite angandidyetse?

Funso la sabata ino lachokera kwa mtsikana wa ku Mufakose, konkuno ku Harare. Walemba motere:

"Zikomo mayi. Ndili ndi zaka 27. Agogo anachokera ku Dedza kalekale, koma ine ndinabadwira konkuno. Ndili ndi digiri ya masamu ndi kompyuta, ndipo ndagwira zaka 3 pa kampani ina yolemba mapulogalamu owerengetsera ndalama. Malipiro angawo ndi amene akuphunzitsa azing'ono anga awiri. Koma mtima wanga suli pamenepo. Kwathu madzi a pampopi amatuluka mwa apo ndi apo, tsiku lina amabwera obiriwira, ndipo ndimalakalaka masamu angawa atagwira ntchito pa nkhani za madzi ndi kusintha kwa nyengo, ine n'kudzakhala mphunzitsi ndi wofufuza pa yunivesite. Amalume akuti ndikusiya nsima ya m'mbale n'kuthamangira ya kumaloto. Kodi ndachedwa? Kodi mpaka ndipite kunja? Nanga kafukufuku wotere angatheke kuno popanda makompyuta akuluakulu ngati a ku Ulaya?"

Mng'ono wanga, mtima ukhale m'malo, simunachedwe ngakhale pang'ono. Pa ophunzira amene ndawayang'anira kafukufuku pa zaka zonsezi, ambiri mwa omwe anamaliza bwino anali oti anayamba agwirako ntchito kwina. Munthu amene wakhala zaka 3 akulemba pulogalamu yoti ikangosokoneza senti imodzi foni imalira pakati pa usiku, amadziwa kuyesa ntchito yake, kusunga mwadongosolo zimene walemba, ndiponso kukayikira nambala mpaka ataifufuza. Zimenezi timakhetsa nazo thukuta kuti tiphunzitse ana ongochoka kumene m'kalasi, inu muli nazo kale. Amalume anunso musawaone ngati akukutchingirani njira. Mbali ina akunena zoona, ndipo ndibwerera ku mawu awo tikafika pa ndalama.

Tiyambe ndi madzi obiriwira aja, chifukwa ntchito imene mukuifunayo ili m'menemo. Harare inakhala kumtunda kwa madzi amene imamwa. Zotuluka m'nyumba ndi m'mafakitale zimatsetsereka ndi mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba, zina zitadutsa pa malo oyeretsera zonyansa a Firle ndi Crowborough, n'kukathira m'nyanja ya Chivero, imene inapangidwa mu 1952 potseka mtsinje wa Manyame. Kuchoka apo madzi amapita ku Morton Jaffray kukayeretsedwa, n'kubwerera m'mipopi yathu. Marimba ndi mnansi wanu ku Mufakose komweko. Zonyansazo zimanyamula phosphorus ndi nitrogen, zomwe ndi chakudya cha ndere ndi namasupuni, ndipo mukukumbukira kuti mu Disembala 2024 zipembere 4 ndi nsomba zambirimbiri zinafa ku Chivero chifukwa cha poizoni wa ndere. Ndiye taganizani funso ili: titachepetsa ndi theka phosphorus wolowa m'nyanjayo, papita zaka zingati madzi asanayere, poti wina wambiri anabisala kale m'matope a pansi ndipo amatuluka pang'onopang'ono? Nyanja simungaiike m'botolo n'kuiyesa. Chimene timachita n'kumanga nyanja ina ya masamu mkati mwa kompyuta, imene timaitcha model, n'kumaithira mvula, kutentha ndi zonyansa monga tafunira, kuti tione mmene ingachitire.

Za magetsi n'chimodzimodzi. Mu Novembala 2022, Zambezi River Authority, nthambi yoyang'anira madzi a damu la Kariba, inauza mbali ya Zimbabwe kuti iime kupanga magetsi ku Kariba chifukwa madzi amene inapatsidwa anali atatha, ndipo tonse tinagona mumdima. Madzi ambiri a Kariba amachokera ku mvula yogwa kutali, ku Angola ndi kumadzulo kwa Zambia, ndipo amayamba afalikira m'chigwa cha Barotse asanatsike kuno patapita masabata. Amene angawerengere bwino ulendo wa madziwo angachenjeze dziko miyezi ikadalipo. Kwa agogo ku Malawi nakonso, magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira amadalira kuti Nyanja ya Malawi yapereka madzi ochuluka bwanji ku Shire. Mafunso oterewa ali mbwee, anthu owayankha ndiye ochepa.

Tsono za makompyuta akuluakulu. Ichi chisakudetseni nkhawa. Ntchito yambiri ya digiri yachiwiri imatheka pa laputopu wamba yokhala ndi mapulogalamu a Python, R ndi QGIS, onse aulere. Zithunzi za setilaiti za Landsat, zoyambira mu 1972, ndi za Sentinel-2 zimapezeka ulere. Deta ya mvula ya CHIRPS imayambira mu 1981, ya nyengo ya ERA5 imabwerera mpaka 1940. Zolemera kwambiri mutha kuziwerengetsera pa Google Earth Engine, makompyuta a Google ofikiridwa pa intaneti, osakopera chithunzi n'chimodzi chomwe, zomwe zimapulumutsa ndalama za intaneti. Ikafika ntchito yofunadi makina amphamvu, pa University of Zimbabwe ku Mount Pleasant pali Zimbabwe Centre for High Performance Computing, imene inatsegulidwa mu 2015, ndipo ku Cape Town kuli CHPC, nyumba inanso ya makompyuta amphamvu, yomwe anthu ambiri a kuno amaifikira kudzera mwa anzawo ofufuza nawo limodzi. Chimene chidzakuvuteni tsiku ndi tsiku ndi magetsi. Ine ndinazolowera kulemba mapulogalamu anga kuti azisunga pamene afika pakatha mphindi zingapo zilizonse, kuti akathima ndisayambirenso pachiyambi, ndipo ophunzira anga onse ndimawaphunzitsa zomwezo sabata yoyamba.

Chosowa chenicheni kuno ndi miyezo yodalirika ya pansi, ndipo apa ndikhalitsapo pang'ono chifukwa ndi pamene anthu ochokera ku kompyuta amapunthwa. Ndili wamng'ono pa ntchitoyi ndinamanga model ya kamtsinje kena, ndipo manambala ankandiuza kuti mvula ya m'deralo yakhala ikuchepa chaka ndi chaka kwa zaka 15. Ndinasangalala, ndinati ndagwira kusintha kwa nyengo ndi manja anga. Mphunzitsi wanga anangondifunsa kuti, "Choyezera mvulacho munachiona?" Ndinakwera basi, n'kuyenda wapansi ola lathunthu. Ndinachipeza kuseri kwa nyumba ina, chili bwinobwino, bambo wochiyang'anira akulemba m'kope lake mokhulupirika m'mawa uliwonse 8 koloko. Koma pambali pake panali mtengo wa mango umene ana anabzala kalekale, ndipo nthambi zake zinali zitafunga pamwamba pa choyezeracho. Mtengo ukamakula, mvula yolowa m'chitini inkachepa. Kompyuta sikanandiuza zimenezo ngakhale ikanakhala yaikulu ngati nyumba. Kuyambira tsiku limenelo sindilola wophunzira kulemba za malo amene sanapondepo phazi.

Ganiziraninso kukula kwa diso la makinawa. Ma model a nyengo ya dziko lonse amagawa dziko m'mabokosi a makilomita 100 kapena kuposa, moti Harare yense ndi Chitungwiza zimalowa m'bokosi limodzi. ERA5 ili ndi mabokosi a makilomita pafupifupi 30, CHIRPS pafupifupi 5. Sentinel-2 imaona bwino kwambiri, mamita 10, ndipo imabwerera pamalo amodzi masiku 5 aliwonse. Koma munda wa Pfumvudza, ndondomeko yolima kamunda kakang'ono pobzala m'maenje, ndi wa mamita 16 m'lifupi ndi 39 m'litali, kutanthauza timadontho 6 tokha pa chithunzi, ndipo m'miyezi imene chimanga chili m'munda ndi momwenso mitambo imaphimba. Kuti mudziwe chimene timadontho timeneto tikunena, muyenera kukhala pansi ndi mwini munda, akuuzeni tsiku limene anabzala, mbewu yake, ndi sabata imene ng'amba inamupweteka. Inu mumayankhula Chichewa ndi Chishona. Mutha kucheza ndi agogo a pafamu ku Mazowe, a kumigodi, a ku Dedza ndi a ku Chipata popanda womasulira. Wofufuza wochokera kunja angalipire ndalama zambiri kuti apeze chimene inu munayamwira.

Pali zimene mukusowa, ndipo ndisakubisireni. Kudziwa kulemba pulogalamu sikukupangitsani kukhala katswiri wa madzi. Muyenera kuphunzira mmene madzi amayendera m'nthaka, mmene mbewu imamwera, chimene chimabweretsa mvula yathu ndi chifukwa chake El Niño, kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific, amatiumitsira minda monga anachitira mu 2024, pamene Malawi mu Malichi ndi Zimbabwe mu Epulo analengeza kuti kwagwa tsoka la chilala. Muyeneranso kunola masamu a statistics, makamaka oyezera kuti yankho lanu lingaphonye ndi mlingo wotani. Masiku ano achinyamata ambiri akuthamangira machine learning, njira yoti kompyuta iziphunzira yokha kuchokera ku deta. Ndi chida chabwino, nanenso ndimachigwiritsa ntchito, koma chimadya deta yambiri, ndipo mukachipatsa zaka 20 za choyezera cha pansi pa mango chidzaphunzira mtengowo mwaluso kwambiri.

Kodi mpaka mupite kunja? Pa digiri yachiwiri, ayi. Ku University of Zimbabwe kuli maphunziro a kasamalidwe ka madzi a WaterNet, amene amasonkhanitsa ophunzira a m'chigawo chonse chino ndipo amachitikanso ku Dar es Salaam. Ku Belvedere kuli Harare Institute of Technology, komanso likulu la zanyengo. CIMMYT, bungwe lofufuza za chimanga ndi tirigu, lili ndi ofesi konkuno ku Harare, ICRISAT, yofufuza za mbewu za m'madera ouma, ili ku Matopos, ndipo mabungwe oterewa amafuna anthu odziwa ma model a mbewu monga APSIM ndi DSSAT. ZINGSA, nthambi ya boma ya za mlengalenga imene inakhazikitsidwa mu 2018 ndipo inatumiza setilaiti ya ZIMSAT-1 m'mlengalenga mu 2022, nayo imafuna odziwa kuwerenga zithunzi za setilaiti. Ndipo musamadzione ngati mlendo pa Mount Pleasant paja: sukuluyo inayamba m'ma 1950 ndi dzina loti University College of Rhodesia and Nyasaland, dzina la kwawo kwa agogo lili momwemo.

Ngati mtima uli wopita kunja, kwa munthu wa masamu ngati inu ndingayambe ndi AIMS, sukulu ya masamu ya ophunzira a mu Africa, imene Neil Turok anaiyambitsa ku Muizenberg ku Cape Town mu 2003 ndipo pano ilinso ku Senegal, Ghana, Cameroon ndi Rwanda. Maphunziro ake ndi a chaka chimodzi, amalipira zonse, ndipo ambiri amadzera pamenepo kupita ku PhD, digiri yachitatu ya kafukufuku. ICTP, sukulu yofufuza za sayansi ya ku Trieste ku Italy, ili ndi dipuloma ya chaka chimodzi ya sayansi ya dziko ndi nyengo. Beit Trust imathandiza a ku Zimbabwe, Zambia ndi Malawi okha pa digiri yachiwiri. Chevening, thandizo la boma la Britain lokaphunzirira kumeneko, imafuna munthu woti wagwirapo ntchito zaka 2, inu mwakwanitsa kale. DAAD ya ku Germany ili ndi thandizo lophunzirira mu Africa momwemuno, ndipo OWSD imathandiza amayi a sayansi kuchita PhD. Pa PhD ndimalimbikitsa kuti munthu aoneko kwina, ngakhale kwa miyezi 6, kuti aone mmene gulu lalikulu la ofufuza limagwirira ntchito. Njira imene ndimaikonda ndi yoti funso ndi deta zikhale za kuno, oyang'anira akhale awiri, wina kuno wina kunja.

Koma chimene ndikufuna mugwiritsitse pa zonsezi ndi ichi: sankhani funso ndi munthu wokuyang'anirani musanasankhe dzina la yunivesite. PhD ndi zaka 3 mpaka 5 muli m'manja mwa munthu mmodzi. Ndaonapo ophunzira anzeru akufota chifukwa wowayang'anira amatha miyezi 4 osawerenga chaputala, ndipo ndaonapo ena a nzeru zapakatikati akuphuka chifukwa anapeza wowalimira njira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Musanavomere, werengani zimene munthuyo wasindikiza zaka 5 zapitazi, muone ngati mayina a ophunzira ake amakhala patsogolo pa mapepalawo. Kenako funani ophunzira ake akale awiri, muwafunse paokha: anamaliza pa zaka zingati, ankakumana kangati, ndalama zoyendera kumunda zinkachokera kuti. Safunsa anadya phula.

Tsopano mawu a amalume. Makwerero a pa yunivesite ndi aatali: wothandizira kuphunzitsa, mphunzitsi, mphunzitsi wamkulu, wachiwiri kwa pulofesa, kenako pulofesa, ndipo masiku ano popanda PhD simukwera patali. Kuchoka pamene muli kufika poima panokha, werengerani zaka 6 mpaka 8. Malipiro a m'mayunivesite a boma m'chigawo chino ndi ochepa poyerekeza ndi a wolemba mapulogalamu waluso, ndipo inu nomwe mukudziwa mmene ndalama ya dziko lino yasinthira kangapo konse mpaka kufika pa ZiG mu 2024. Makalasi ndi aakulu, mapepala ochonga ndi mulu. Ndondomeko ya Education 5.0 imafunanso kuti mphunzitsi, kuwonjezera pa kuphunzitsa, kufufuza ndi kutumikira anthu, azitulukira zinthu zatsopano zoti zifike mpaka ku mafakitale. Amene akukhala bwino ndi amene amapeza ndalama za kafukufuku kuchokera kunja, ndipo luso lolemba pempho la ndalama muyenera kuliphunzira msanga ngati mmene munaphunzirira Python. Ena amadalira maganyu olembera mabungwe malipoti. Ganyu mmodzi kapena awiri pa chaka amathandiza, koma ndaona anzanga aluso atamira m'menemo, zaka 10 n'kudutsa osasindikiza kanthu.

Chifukwa chake musasiye ntchito lero. Azing'ono anu awiri aja ndi udindo weniweni. Siyani pokhapokha kalata ya thandizo ili m'manja, yonena ndalama zake, za miyezi ingati, ndiponso mu ndalama ya dziko liti. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mukakhala pansi ndi amalume, musawauze za kupulumutsa dziko. Atengereni pepala: fizi ya ana idzachokera apa, ndasunga zakuti, ndikalephera ndibwerera ku ntchito yakale chifukwa luso langa silidzawola. Ndipo n'zoona kuti silidzawola. Munthu wa PhD ya mtundu umenewu amafunidwanso ndi makampani a inshuwalansi ya mbewu, a magetsi a dzuwa, ndi mabungwe oona za chakudya, choncho khomo si limodzi.

Pali nkhani ina imene simunafunse koma imatikhudza ife adzukulu a anthu ochokera ku Malawi: mapepala. Ambiri mwa makolo athu anali ndi zitupa zolembedwa kuti ndi alendo. Malamulo aakulu a dziko a 2013, omwenso anaika Chichewa pa zinenero 16 zovomerezeka, amanena pa gawo 43 kuti wobadwira muno malamulowo asanayambe, kholo lake lili nzika ya dziko la SADC, ndipo iye ankakhala muno, ndi nzika yobadwa. Koma lamulo kukhalapo si ndiye kuti chitupa chanu chinasinthidwa. Yang'anani lero ngati dzina ndi tsiku lobadwa zikufanana pa kalata yobadwira, chitupa, pasipoti ndi satifiketi ya digiri. Ndinaonapo mnyamata akutaya malo chifukwa dzina la bambo ake linalembedwa Mwachichewa pa pepala lina ndi Mwachishona pa lina. Unzika umasankhanso makomo: Zimbabwe inatuluka mu Commonwealth mu 2003 pamene Malawi ali momwemo, ndiye werengani mndandanda wa mayiko pa thandizo lililonse musanataye nthawi. Zikakuvutani ku ofesi ya zitupa, pitani kwa maloya othandiza anthu kwaulere, musadalire munthu wa pakhomo amene akuti akukonzerani mwachidule.

Mukayamba kusindikiza, chenjerani ndi magazini achinyengo amene amakulemberani okha, kukutamandani, n'kulonjeza kutulutsa pepala lanu pa sabata imodzi mukalipira. Pepala lotero limadetsa mbiri. Chenjeraninso ndi mgwirizano umene inu ndinu wotola deta chabe, kuwerengetsa ndi kulemba n'kumachitikira kwina. Kambiranani za mayina a pa pepala ntchito isanayambe. Luso lanu la kompyuta ndi limene lidzakupatseni mphamvu yonena kuti kuwerengetsako muchita ndinu.

Funani thandizo msanga pa zinthu zitatu. Mukapatsidwa pangano lokumangani kuti mudzagwire zaka zakuti mukabwerako, lionetseni kwa wodziwa malamulo musanasaine. Wokuyang'anirani akayamba kukusowani miyezi, kapena kukupemphani zosayenera chifukwa ndinu mkazi, lembani masiku ndi zochitika, mupite ku ofesi yoona za ophunzira a madigiri apamwamba, musapirire chamumtima. Ndipo mukaona tulo tasowa, chakudya sichikulowa, mtima uli zii kwa masabata, kaonaneni ndi dokotala kapena mlangizi. PhD ili ndi kusungulumwa kwake, ndipo ndaperekezapo ophunzira angapo kuchipatala amene pano ndi madokotala a sayansi.

Musanalembere aliyense kalata, dziyeseni kwa miyezi 3 muli pa ntchito pomwepo. Tsegulani akaunti ya Google Earth Engine, mutenge zithunzi za Sentinel-2 za Chivero kuyambira 2017, muwerengetse mwezi ndi mwezi kuti ndi gawo lalikulu bwanji la nyanja limene lakutidwa ndi zobiriwira, n'kuziika pambali pa mvula ya CHIRPS. Loweruka lina kwerani kombi ya msewu wa ku Bulawayo mukafike kunyanjako, muime m'mphepete, muone ngati chimene kompyuta ikuti ndi namasupuni si bango kapena udzu wa m'madzi osaya, ndipo mufunse asodzi miyezi imene madzi amanunkha kwambiri. Lembani masamba 4 a zimene mwapeza ndi zimene zakukanikani. Ngati pofika sabata ya 10 mukudzukabe usiku magetsi akabwera kuti muone chimene chatuluka, masamba 4 amenewo ndiwo mudzaphatikize ku kalata yopita kwa amene mukufuna akuyang'anireni. Nanenso munditumizire, ndidzawawerenga.